Overton Harawa ndi Mapazi a Mkamwana Wake

Mukadafika ku Mzuzu m'chaka cha 1986 n'kufunsa kuti dokotala wamkulu m'tauni muno ndani, anthu olongosoka akadakulozerani m'kati mwa chipatala. Overton Harawa yekha ndiye akadadziloza pachifuwa ndi singano yosokera nsapato, ulusi uli lende pakamwa.

Mkuluyu anabadwira ku Bolero. Ali mnyamata anapita kumigodi ya ku Zambia kuti akakumbe kopa, koma tsiku loyamba atasuzumira m'dzenjemo anati, "Yayi, uku n'kudziika wekha m'manda." Anakhala pansi pakhomo pa mgodipo n'kuyamba kusoka majombo a anzake olimba mtima. Anabwerako patatha zaka khumi ndi ziwiri ali ndi hamala, chiphazi chamtengo chofutukulira nsapato, njinga yakuda yolemera ngati ng'ombe yaikazi, ndi chipewa chimene ankati ngakhale mvula ya ku Mzuzu imachipatsa ulemu. Nyumba anamanga ku Ching'ambo, kumene anthu ndi achule amakhala mosinthana malo. Benchi yake ya ntchito anakaiika pansi pa mtengo wa mapeyala, kumpanda wa chipatala china chaching'ono, mapazi khumi okha kuchokera pachisakasa cha sikelo ya amayi oyembekezera.

Pamalopo anakhalapo zaka makumi awiri. Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse mzamba wamkulu, Sisitere Keziya Nyasulu, ankaimirira m'chisakasamo kuphunzitsa amayi, ndipo mawu a mayi ameneyu sanali a munthu mmodzi. Akati "Amayi, tamverani!" asodzi ku Nkhata Bay ankasiya kupalasa n'kutchera khutu. Choncho Overton anamaliza kosi ya uzamba maulendo oposa chikwi asanalowepo m'kalasi. Ankadziwa kuti mutu wa mayi wapakati kawirikawiri umakhala wa njala, wa malungo, kapena wa utsi wa mbaula m'nyumba yotseka mazenera. Ankadziwanso mawu amene Sisitere ankatsekera nawo phunziro akumenya tebulo: "Koma mutu ukakana panado, mapazi akakana nsapato, maso akayamba kuona ziphaniphani masanasana, musadikire tsiku la sikelo. Bwerani, ngakhale muli ndi sopo kumutu!" Overton ankakhoma misomali motsatira mawuwo, khokho, khokho, ngati wang'oma wa kwaya.

Overton anthu sankawadziwa nkhope. Munthu amene wakhala moyo wake wonse chowerama amadziwa zidendene. Mukamupatsa moni, ankayamba wayang'ana nsapato zanu kenako n'kuyankha kuti, "Aa, ndi a Boniface a kupositi ofesi, yewo chomene," ndiko kuthokoza kwa kumpotoko. Tsiku lina anadutsana ndi mkazi wake Dinah pamsika osamuzindikira chifukwa choti mayiyo anavala nsapato zobwereka. Mlandu wake unatha sabata ziwiri.

Mwana wawo woyamba, Winston, ankayendetsa thirakitala kunkhalango ya Chikangawa ndipo kunyumba ankabwera kumapeto kwa mwezi. Anakwatira Jenet, mtsikana wa ku Mulanje amene anamupeza m'kwaya ya tchalitchi. Bambo ake a Jenet anali kalaliki wa boma, ndipo ukwati utangotha anawasamutsira kum'mwera, mwana wawo n'kutsala yekha pakati pa a Harawa, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu.

Tsono kwa a Harawa, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna. Sadyera pamodzi, sagwirana chanza, satchulana dzina. Mabanja ena a m'tauni mwambowu anali ataufewetsa, koma Overton anausunga ngati ndalama yachitsulo yomangidwa pansalu. Zaka ziwiri zathunthu sanaonepo nkhope ya Jenet. Pamene Dinah analipo zinthu zinkayenda, uthenga unkadzera mwa iye. Akachokapo, awiriwa ankalankhulana kudzera m'katundu. Jenet ankagwada kuseri kwa mgolo wa madzi n'kunena kuti, "Mgolo iwe, uwauze adada kuti madzi osamba ali kubafa." Overton ankayang'ana hamala yake n'kuyankha, "Iwe hamala, uwauze kuti yewo." Mgolo umenewo unamva nkhani za banja zambiri kuposa abusa.

Jenet ataima, miyezi yoyambirira ankapita kusikelo ndi Dinah, amene ankatsogola kukathamangitsa mwamuna wake kuti akamwe tiyi kumsika mpaka atamaliza. Koma mu Epulo Dinah anapita ku Bolero kukakolola. Lachiwiri lotsatira Jenet anapita yekha, anafika pakona ya mpanda, anaona chipewa cha apongozi ake chili ndee pansi pa mtengo wa mapeyala. Akadutsa bwanji ndi mimba pamaso pawo, kukakhala pabenchi n'kumaimba za mabere ndi chiberekero iwo akumva? Anabwerera. Overton naye ataona kuti mapazi a mkamwana wake sakuoneka pamzere, anati mwana waulemu ameneyu, wasamukira kusikelo ya chipatala china kuti asandichititse manyazi. Aliyense analemekeza mnzake bwinobwino, ndipo miyezi itatu inadutsa popanda womupima Jenet magazi.

Kumapeto kwa Meyi Winston anabwera, anaona mapazi a mkazi wake atafufuma, n'kuomba m'manja. "Mapasa awa!" Amayi a pamjigo anavomereza kuti mapazi otere sakhala a mwana mmodzi. Mnyamatayo anayenda Ching'ambo yense chifuwa patsogolo, ndipo atafika pageti la msika, pamene ayufi, anyamata a chipani, ankaona makhadi a chipanicho, anagula ena awiri a anthu amene anali asanabadwe. Ayufiwo anamuwombera sawasha.

Nsapato za Jenet zinali zakuda, zachikopa, za nambala faifi. Pa 20 Meyi Overton anazipeza pakhonde pake, mgolo n'kumuuza kuti zathina. Anazinyowetsa, analowetsamo chiphazi chamtengo, zinafutukuka. Pa 9 Juni anazipezanso pomwepo. Anazifutukulanso, koma ulendo uno anakanda pansi pa chipewa.

Lachitatu lomaliza la mwezi wa Juni kunacha ndi kuzizira kwa ku Mzuzu kwenikweni, kumene tambala amalira ali m'bulangeti ndipo mawu ukawalankhula amagwa pansi n'kuyamba kunjenjemera. Nkhungu inali itakwirira dambo lonse. Amayi onse a m'deralo anali atatengedwa ndi lole m'mamawa kukakonzekera magule a pa 6 Julaye, moti m'Ching'ambo munatsala nkhuku, agalu ndi amuna osadziwa pamene pamakhala mchere. Overton anali kumangirira bokosi la zida panjinga pamene anamva mapazi akukhwekhwereza kuchokera kuseri.

Anayang'ana pansi, monga mwa mwambo. Chimene anaona sichinali mapazi. Anali mabuledi awiri a kubekari, zala zitangomera kumapeto ngati zoiwalika. Dzanja linatsika kuti liike nsapato pasitepe, linaphonya, linapapasa, linaphonyanso, nsapato n'kugwera m'matope. Zala za dzanjalo zinali ngati nthochi, mphete itamira m'mnofu.

"Mgolo iwe," anatero Jenet motsitsa mawu, "uwauze adada kuti andikhululukire, zathinanso. Ngati n'kotheka angozidula kutsogoloku."

Overton anatulutsa hamala m'bokosi.

"Iwe hamala, tawafunsa. Mutu ukuwawa?"

Mgolo unabweretsa yankho: "Uwauze kuti kamutu chabe. Ndamanga ndi kansalu."

"Wafunse, masiku angati?"

"Lero lachitatu."

"Panado amwa?"

"Ndamwa, koma sakumveka."

"Sono maso? Akuona bwino?"

"Uwauze kuti ndikuona bwino, kungoti m'bwalo muno mwachuluka ziphaniphani."

Inali eyiti koloko m'mawa. Overton anamva mawu a Sisitere Keziya akumenya tebulo m'mutu mwake. Anayang'ana kumanzere, nyumba ya aneba yotseka. Anayang'ana kumanja, galu. Winston anali kutali, Dinah anali kutali. Mayi woti n'kumutuma panalibe ngakhale wa mankhwala. Anamasula bokosi la zida n'kuliponya pakhonde, anapinda thumba la chiguduli n'kuliyala pakaliyala.

"Hamala, uwauze akwere njinga."

"Mgolo, uwauze kuti zimenezo sizingatheke. Anthu adzati chiyani?"

Apa mkuluyu anaika hamala pansi. Anatsokomola.

"Mama," anatero, kwa nthawi yoyamba osadzera mwa wina aliyense, maso ali kudenga la nyumba, "kwerani. Anthu tikambirana nawo mawa."

Jenet anakwera chammbali, atavala chijasi cha Winston chofika m'maondo, chitenje pamwamba, mapazi ali lende opanda nsapato. Nsapatozo Overton anazitola m'matope n'kuzilowetsa m'matumba a jekete. Sanapalase. Anagwira mahandulo n'kuyamba kukankha, khosi atalipotokola kuyang'ana kumbali ngati munthu amene wagona moipa.

Za ulendo umenewo anthu amasimba mosiyanasiyana. Ena amati njingayo inkatulutsa utsi. Ena amati achule a m'dambo anasiya kulira n'kuima pamzere. Chimene chili choona n'chakuti mwamuna aliyense amene anatsala m'Ching'ambo tsiku limenelo anatulukira pakhomo, ndipo mdala wina wa ku Mzimba amene ankameta ndevu panja anadzicheka. "A Harawa! Kodi si mkamwana wanu uyo?" Overton anayankha osaima, "Ndi katundu wa chipatala!" Pachitunda chotulukira kumsewu waukulu mpweya unamuthera, koma kumbuyo anamva Jenet akubuula pang'onopang'ono, ndipo anakwera chitundacho ngati mnyamata wothawa ayufi.

Kuchipatala anapeza mzere wa mwezi wa Juni, wa chifuwa ndi chimfine, wotuluka pakhomo, wozungulira mtengo wa mapeyala, ena amati mchira wake unali kudepoti ya basi. Patebulo lolembera odwala panali kalaliki watsopano, Percy, mnyamata wa ku Zomba wa chipeso m'thumba la shati, amene anali asanasoketsepo nsapato kwa Overton.

"Vuto n'chiyani, mayi?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Mutu," anatero Jenet.

"Mutu, mzere uwo. Wotsatira!"

Mnyamatayo sanalakwe kwenikweni. M'chijasi cha Winston mukadabisala anthu atatu ndi mbuzi, mimba sinkaoneka. Overton anasendera pafupi.

"Achimwene, mutu uwu si wa pamzere."

"Madala, onsewa ali ndi mitu. Ndani wanu ameneyu?"

"Ndi... ndi wa kunyumba."

"Mkazi wanu?"

"Yayi!" Overton analumpha ngati waponda khala la moto.

"Nanga akudwala chiyani choposa anzawo?"

Apa ndiye panali phiri. Mwamuna wa kwa Harawa kutchula ndi pakamwa pake, pagulu, kuti mkamwana wake ali ndi pakati? Agogo ake ku Bolero akadatembenuka m'manda mpaka kudzutsa fumbi. Anapisa m'matumba, anatulutsa nsapato zamatope zija n'kuziika pamwamba pa kaundula wa Percy.

"Nambala faifi izi. Ndafutukula pa 20 Meyi. Ndafutukula pa 9 Juni. Lero sizikulowa n'chala chomwe. Taonani mapaziwo!"

"Madala, kuno si kosoketsa nsapato. Chotsani zinthu zanu pabuku la boma."

Jenet anatsamira khoma, dzanja lili pachipumi. Overton anavula chipewa, chinthu chimene anthu a ku Mzuzu anali asanachionepo, ndipo ena anadabwa kuona kuti pansi pake pali dazi. Anatseka maso n'kukuwa ndi mawu amene anawaphunzira kuseri kwa mpanda:

"Mwana uyu ali ndi pakati pa miyezi eyiti! Mutu wakana panado! Mapazi akana nsapato! Akuona ziphaniphani!"

Mzere wonse unasiya kutsokomola. Chitseko cha chipinda cha odwala mwadzidzidzi chinatseguka, n'kutulukira Sisitere Keziya, amene Lachitatu ankagwira kumeneko.

"Ndani akuba phunziro langa?" Anayang'ana Overton, anayang'ana mapazi a Jenet, nkhope yake n'kusintha. "Percy, mpando wamatayala. Thamanga! Ndipo kuyambira lero mayi aliyense wonena za mutu uzimufunsa ngati ali woyembekezera, ngakhale atavala tenti."

M'chipindamo Overton anaima kuseri kwa katani, mphuno itagunda khoma, makutu okha ali pantchito. Sisitere ankafunsa mofulumira koma mosakalipa. Mutu unayamba liti? Ukuwawa mbali imodzi kapena ponse? Thupi likutentha? Mwasanza? Munagona ndi mbaula m'nyumba? Mwadya? Mwana akusewera? Anamuweramitsa khosi kuti chibwano chigunde pachifuwa, khosi linapindika bwinobwino. Anamubaya chala kuti akaone malungo. Jenet ankayankha zonse mochepetsa, ngati akupepesa.

"Mapaziwa anayamba liti kutupa?"

"Posachedwapa, Sisitere."

"Pa 20 Meyi!" linatero khoma.

"Kusikelo munabwera liti komaliza?"

Jenet ananong'ona, koma m'zipinda za chipatala manong'onong'o amamveka kuposa belu. "Mu Malichi. Ndinkachita manyazi kudutsa pamtengo paja."

Overton anamva ngati wakhomedwa msomali pachidendene. Zaka makumi awiri akudzitama kuti ndi mzamba wa kuseri kwa mpanda, osadziwa kuti chipewa chake chomwecho n'chimene chikutsekereza mwana wa m'nyumba mwake.

Sisitere anakulunga lamba wopimira magazi pamkono wa Jenet n'kuyamba kupopa. Kamzere kasiliva kanakwera m'galasi, kanakwera, kanakwera, kakadapanda denga kakadafika ku Karonga. "Handiredi eyite pa handiredi twente," anatero Sisitere, ndipo sanakuwe, chimene chinamuopsa Overton kuposa china chilichonse. Anatenga mkodzo pang'ono m'kabotolo kagalasi, anauwiritsa pakanyali, unachita mbuu ngati choyera cha dzira. Malungo sanapezeke. Kenako anaika kalipenga kachitsulo pamimba n'kugunditsa khutu. Chipinda chonse chinasiya kupuma.

"Alipo. Akugunda ngati wotchi yatsopano. Koma mayi, magazi anu athamanga kwambiri, ndipo n'chimene chikuwawitsa mutuwu. Tikachedwa mukomoka n'kuyamba kugwedezeka, ndiye inu ndi mwana yemwe mukhala pangozi. Tiwatsitsa kaye, kenako adokotala aona zoti mwanayu atuluke lero."

Anamuika diripi, anamubaya jekeseni wotsitsa magazi ndi wina woletsa kukomoka, n'kumugoneka chammbali m'kachipinda kotchinga makatani, kopanda phokoso. Adokotala anali kufiyeta, kochitira opaleshoni, ndi wodwala wina, anati akamaliza ndi ameneyo alowetse Jenet. Anamwino anali awiri okha tsikulo, mzere uli panja. Sisitere anatulukira kuseri kwa katani n'kugwira Overton pamkono.

"A Harawa, womudikirira wamkazi alipo?"

"Onse ali kumagule."

"Ndiye ndinu. Mukhale pampando apa, mumuyang'ane kumaso. Mukaona mlomo ukuphiriphitha, kapena maso akutembenuka, mudzandiitane msanga. Osakuwa, phokoso limayambitsa."

"Kumaso?" Overton anabwerera m'mbuyo. "Sisitere, ine ndiyang'ana mapazi. Mapazi ndimawadziwa chomene."

"Kukomoka sikuyambira kuchidendene, adada. Ine ndine NyaNyasulu wa kumpoto konkuno, mwambowo ndikuudziwa, kwathunso ulipo. Koma m'chipinda muno mwambo ndine. Vulani nsapato zanuzo, zikulira ngati ngolo."

Analowa ndi masokosi obooka. Anakhala pampando. Anayamba ndi mapazi, poti ndiko kunali kwawo, n'kukwera pang'onopang'ono ngati munthu wokwera mtengo waminga: bulangeti, diripi, phewa, chibwano. Nkhope ya mkamwana wake inali yotupa, maso ang'onoang'ono, kansalu kakadali pachipumi. Anali mwana, mwana weniweni, wamng'ono kuposa mmene mapazi ake ankanenera.

Mankhwala aja anali atayamba kumuledzeretsa Jenet. Anatsegula diso limodzi n'kumuyang'anitsitsa.

"Adada," anatero mokoka mawu, "kani muli ndi ndevu?"

"Enya, mama. Gonani."

"Ine ndinkayesa ndinu wamtali."

"N'chipewa chija. Gonani."

"Mukufanana ndi Winston. Koma Winston ndi wokongolako."

"Yewo. Gonani, mama."

Anakhala choncho ola lathunthu osaphethira. Ntchentche inatera pamphuno pake, inayendayenda, inaona kuti palibe woithamangitsa, inanyamuka yokha chifukwa cha manyazi. Itangokwana leveni koloko, Jenet anadandaula kuti pansi pa nthiti pakumupweteka, ndipo pakona ya mlomo wake panayamba kugwedezeka pang'ono, ngati ulusi ukamakokedwa kunsi kwa chikopa. Wina aliyense sakadaona. Koma awa anali maso amene ankapeza kabowo ka singano pa jombo yakuda kunja kuli nkhungu.

Overton anatuluka ngati mphaka, anatsetsereka ndi masokosi pasimenti kuchokera pakhomo mpaka patebulo la anamwino osanyamula phazi, n'kunong'ona, "Sisitere, mlomo."

Zotsatira zake anaziona ngati kamvuluvulu. Jekeseni wina, anamwino awiri, bedi lamatayala, adokotala akutuluka kufiyeta akusamba m'manja. Panafunika wachibale wovomereza opaleshoni. Overton anadinda chala, ndipo poti chala chake chinali chakuda kale ndi polishi, inki sinafunike kwenikweni. Chitseko chinatsekeka. Anakakhala pabenchi yake pansi pa mtengo wa mapeyala, wopanda zida, wopanda nsapato, manja ali pamawondo. Kasitomala wina anabwera ndi sandasi yoduka, Overton n'kumuuza kuti dokotala ali ndi wodwala.

Cha m'ma thu koloko Sisitere Keziya anatulukira pampanda. Ulendo uno mawu ake anabwerera mwakale, moti ku Salisbury Lines, dera lina la m'tauniyi, anthu anamva nkhaniyi nthawi imodzi ndi mwini wake.

"A Harawa! Mwana wamkazi! Makilo awiri, ngati mapaketi awiri a shuga, koma kukamwa ngati ine! Mayi ake ali bwino, magazi ayamba kutsika!"

"Mmodzi?"

"Mumafuna angati?"

Overton anaimirira, anakhala pansi, anaimiriranso. Kenako mkulu wa zaka makumi asanu ndi mphambu, mkulu wa mpingo, anavina malipenga yekhayekha ndi masokosi obooka kuzungulira mtengo wa mapeyala, mzere wa chifuwa uja ukumuwombera m'manja n'kumatsokomola motsatira.

Uthenga unapita ku Chikangawa pa lole ya matabwa, wina ku Bolero pa basi. Pofika ku Bolero nkhaniyo inali itanenepa: ankati Overton anabereka mkamwana wake kumsana kuchokera ku Ching'ambo akuimba nyimbo. Dinah anatsika basi Loweruka nkhope ili ngati mtambo wa Janyuwale, thumba la mtedza pamutu, n'kulunjika pamtengo wa mapeyala.

"Ndamva kuti mwayamba kukweza akamwana panjinga."

"Ndinakankha chabe."

"Ndamva munakuwa za mimba yake pamaso pa tauni yonse."

"Theka la tauni. Ena anali kumagule."

"Ndipo munamuyang'ana kumaso."

"Ola limodzi. Anandituma ndi a boma."

Dinah analowa m'wodi kuti akamve mbali inayo. Anakhalamo nthawi yaitali. Atatuluka maso anali ofiira, ndipo anangoti, "Mwadya?" Anamasula thumba la mtedza n'kumuthirira m'chipewa. Kenako anawonjeza kuti, "Koma benchi iyi ichoke pano. Mwaopseza ana a eni ake okwana." Lolemba lotsatira Overton anasamukira kuseri kwa chipatala, pafupi ndi khitchini, kumene phunziro la Sisitere linkamvekabe bwinobwino popanda iye kuona kapena kuonedwa. Amati mwezi umenewo mzere wa sikelo unatalika ndi amayi asanu ndi awiri, onse okwatiwa kwa anthu a ku Bolero.

Jenet anakhala m'chipatala masiku khumi ndi awiri, akumupima magazi m'mawa ndi madzulo mpaka kamzere kasiliva kanaphunzira ulemu. Tsiku lachisanu ndi chiwiri Overton anapita kukazonda ndi botolo la tiyi. Anazungulira wodi yonse kufunafuna nkhope yotupa ija, sanaipeze. Anayang'ana mapazi, onse anali achilendo. Mapeto ake anapereka tiyi kwa mayi wina wonenepa wa ku Usisya, amene analandira ndi manja awiri n'kumwa osafunsa. Kumbuyo kwake kamtsikana kowonda, ka maso akuluakulu, kankaseka mpaka kugwira pabala la opaleshoni.

Tsiku lotuluka anabwerera ku Ching'ambo wapansi, pang'onopang'ono, chifukwa Jenet anakana njinga. Dinah anali atatsogola kukakonza m'nyumba. Winston anasenza beseni pamutu, chikwama kudzanja ili, mtolo wa mabulangeti kudzanja linalo, akufotokozera aliyense wokumana naye kuti mwana mmodziyu ali ndi nzeru za anthu awiri. Overton ankayenda patsogolo mapazi khumi, maso kutsogolo, monga mwa kale. Sankadziwa kuti zinthu zikhala bwanji tsopano. Za m'chipatala zinali za m'chipatala, ndipo palibe amene anali atanenapo kanthu.

Anafika pangalande ya m'dambo, pamene pamakhala thabwa limodzi loterera. Overton anawoloka. Atangoponda tsidya linalo anamva mawu kumbuyo, omveka bwino, osadzera kwina kulikonse.

"Adada, tabwererani mundilandire mwanayu. Ndikuopa kugwa naye."

Mkuluyu anayang'ana Winston. Winston anakweza chikwama ndi mabulangeti kusonyeza kuti manja ake onse ali pantchito. Overton anabwerera pathabwa paja, anapukuta manja pajekete kawiri, n'kutambasula. Jenet anamuika kamtolo kofunda m'manja, anakonza kachipewa ka mwanayo, n'kumuyang'ana apongozi akewo m'maso.

"Mugwire mutu, adada. Si nsapato imeneyo."

"Enya, mama," anatero Overton, ndipo anawoloka thabwa lija chammbali, pang'onopang'ono, akupuma theka, Jenet akubwera pambuyo atagwira m'mphepete mwa jekete lake.